Kugona Motchipa pa Chilumba cha Likoma

TSANGANO — Mbatata ya kachewere ndi tirigu zikagulitsidwa ku Tsangano, fodya akapita ku sikelo ku Macanga, imafika nthawi imene mlimi amakhala ndi kangachepe m'thumba. Ena amagula malata, ena njinga, ndipo ena amakonza ulendo wokaona abale ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Koma alipo malo amodzi amene anthu ambiri a m'mapiri muno amangowamva m'nkhani za akuluakulu. Malowa ndi chilumba cha Likoma, pa nyanja imene a Malawi amaitcha Nyanja ya Malawi ndipo ku Moçambique imatchedwa Niassa.

Anthu amaganiza kuti kugona pa Likoma ndi kwa azungu okha ndi mabwana a m'tauni. Sizili choncho. Pachilumbapa pali nyumba zogona alendo zotchipa, zimene mlimi angathe kulipira. Chimene chimavuta ndi china: pa chilumba, tsiku lobwerera kwanu sulisankha wekha. Limasankhidwa ndi sitima ndi mphepo. Munthu amene wawerengera ndalama za usiku uwiri atha kugona usiku usanu, ndipo apa ndi pamene chipinda chotchipa chimasanduka chodula.

Chilumba cha Malawi m'madzi a Moçambique

Likoma ndi boma la dziko la Malawi. Bomali lili ndi zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 14,527 pa zilumba ziwirizi. Chilumba chachikulucho ndi chaching'ono ndithu, moti munthu wamphamvu amachoka ku mapeto ena n'kukafika ku mapeto ena wapansi tsiku lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti madzi onse ozungulira zilumbazi ndi a Moçambique. Munthu akaima kummawa kwa Likoma amaona mapiri a Niassa pafupi, ndi mudzi wa Cóbuè, m'boma la Lago.

Nkhani ya malire amenewa ikuwakhudza anthu a ku Tsangano. Pa 11 Juni 1891, maboma a Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dera lino. Panganolo ndi limene linaika malire pamwamba pa mapiri: kumene madzi amatsetserekera ku nyanja ndi ku mtsinje wa Shire kunakhala kwa Angerezi, ndipo kumene amatsikira ku Revúbuè ndi ku Zambezi kunakhala kwa Apwitikizi. Ndi chifukwa chake lero mwana wa ku Tsangano amangodumpha msewu n'kupezeka ali ku Ntcheu kwa amalume ake. Pangano lomwelo linapereka gombe la kummawa kwa nyanja kwa Apwitikizi, koma linasiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angerezi, chifukwa amishoni awo anali atakhazikika kale kumeneko. Mu 1954 maboma awiriwa anagwirizananso kuti malire adutse pakati pa nyanja. Zilumbazi zinatsalabe ku Nyasaland, amene ndi Malawi wa lero.

Tchalitchi chimene chimakoka alendo

Chimene alendo ambiri amapitira ku Likoma ndi tchalitchi chachikulu cha Petulo Woyera, cha mpingo wa Anglican. Amishoni a bungwe la UMCA anakhazikitsa malo awo pachilumbapa mu 1885, nthawi imene malonda a akapolo ndi nkhondo zinali zikusautsa anthu a m'mbali mwa nyanja. Anapatsidwa malo otchedwa Chipyela, kumene kale ankatenthera anthu owaganizira ufiti. Pa malo amenewo ndi pamene panamangidwa tchalitchi.

Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, ndipo tchalitchi chinapatulidwa mu 1911. Amene anajambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George, koma manja amene anasema miyala, kuumba njerwa ndi kusenza dothi anali a anthu a pachilumbapo ndi a ku gombe la Niassa. Kutalika kwa nyumbayi ndi pafupifupi mamita 100, kuyandikira kutalika kwa bwalo la mpira. Mkati muli mawindo a magalasi a mitundumitundu ndi mipando yosemedwa mwaluso. Mulinso mtanda wopangidwa ndi thabwa la mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, pamene anakwirira mtima wa David Livingstone atamwalira mu 1873.

Mlendo wodzera msewu wa m'mbali mwa nyanja angathe kuima pa Nkhotakota ndi kuona manda a Bishopu Chauncy Maples. Iyeyu anagwira ntchito ku Likoma, ndipo anamira m'nyanja mu 1895, bwato lake litagubuduzika ndi namondwe, patangopita miyezi yochepa chimudzozereni ubishopu. Imfa yake ndi chenjezo kwa aliyense wofuna kuwoloka nyanjayi mothamanga.

Kuchokera ku Likoma, aphunzitsi ndi ansembe ankawolokera ku gombe la Moçambique kukatsegula masukulu ndi matchalitchi, monga ku Messumba, pafupi ndi Metangula. Pamene nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu 1964, anthu ambiri a ku gombe limeneli anathawira ku Likoma. Anthu a ku Tsangano ndi ku Angónia akuidziwa bwino nkhani yotere, pakuti nawonso anasungidwa ku Ntcheu ndi ku Dedza mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Choncho Mmozambiki akafika pa Likoma safika kwa anthu osamudziwa. Mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, ndipo Chinyanja cha pachilumbapa, ngakhale chili ndi mawu ake ndi kamvekedwe kake, munthu wa ku Tsangano amachimva.

Njira zake ndi ziwiri

Njira yoyamba ndi yodzera ku Nkhata Bay. Wochokera ku Tsangano amadinditsa pasipoti pa Biri-Biri n'kukwera basi pa msewu wa M1. Wochokera ku Furancungo amadzera ku Ulónguè n'kutulukira pa Calómuè, ku Dedza. Kuchoka apo angathe kutsikira ku Golomoti kapena kudzera ku Lilongwe, kenaka Salima, Nkhotakota mpaka Nkhata Bay. Nyengo ya mvula milatho ya pa msewu wa m'mbali mwa nyanja yakhala ikukokoloka, ndipo zikatero anthu amazungulira ku Mzuzu. Kuchoka pa Nkhata Bay kukafika pa Likoma ndi makilomita oposa 60 a pamadzi, ulendo wa maola angapo.

Sitima yodziwika kwambiri pa nyanjayi ndi Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951. Inapangidwa ku Scotland, inafika pa doko la Beira ili zidutswazidutswa, ndipo inakwera njanji mpaka ku nyanja, kumene anakailumikiza. Ndondomeko yake ndi ulendo umodzi pa sabata: imachoka ku Monkey Bay kupita kumpoto, n'kubwereranso, ndipo imaima pa Likoma popita ndi pobwera. Koma ndi sitima yakale. Nthawi zina imachedwa, ndipo nthawi zina amaiimitsa kuti aikonze. Alipo mabwato ena a injini amene amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi, koma nawonso sanyamuka nyanja ikakalipa.

Njira yachiwiri ndi ya ku Niassa: kudutsa Malawi mpaka ku Mangochi, kulowanso Moçambique pa Mandimba, kenaka Lichinga, Metangula ndi Cóbuè, kumene mabwato amawolotsa anthu kupita ku Likoma. Ndi njira yaitali ndipo imadya ndalama zambiri za chapa. Msewu wa ku Cóbuè umavuta nthawi ya mvula. Ubwino wake ndi wakuti ulendo wa pamadzi ndi waufupi.

Njira iliyonse imene munthu wasankha, pasipoti ndi yofunika. Chizolowezi cha m'malire muno, chongodutsa pa njira ya m'munda kupita ku msika wa ku Malawi, sichigwira ntchito pa ulendo wautali chotere. M'misewu muli malodibuloko a apolisi, ndipo pa Likoma ndi pa Cóbuè pali maofesi oona za anthu olowa ndi otuluka. Wofuna kuwoloka kukaona Cóbuè ayambe wadinditsa. Kukwera bwato la asodzi mobisa kungamugonetse munthu m'chitolokosi m'malo mwa resitihausi.

Malo ogona alipo a mitundu itatu

Mtundu woyamba ndi malo a alendo olemera, monga Kaya Mawa, kumene mitengo imawerengedwa m'madola ndipo alendo ambiri amafika pa ndege. Amenewa si a mlimi. Mtundu wachiwiri ndi malo a m'mphepete mwa mchenga amene amalandira achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana. Kumeneko munthu angathe kulipira bedi limodzi m'chipinda cha anthu angapo, kapena malo okhomapo tenti. Malo otere amakhala patali ndi msika, ndipo chakudya chake chimakhala chodulirapo. Mtundu wachitatu ndi maresitihausi wamba, amene ku Moçambique amatchedwa pensau. Amapezeka chakufupi ndi msika wa Mbamba, kumene sitima zimafikira, ndipo kuchoka apo kupita ku tchalitchi cha pa Chipyela ndi ulendo waufupi wapansi. Ogonamo ndi amalonda a nsomba, ogwira ntchito za boma ndi anthu odikira sitima.

Pa resitihausi yotchipa munthu asayembekeze zambiri. Amapeza bedi, matiresi, bulangeti, mwina ndi mpando umodzi. Bafa ndi chimbudzi kawirikawiri zimakhala kunja, zogwiritsa anthu onse, ndipo madzi osamba amabwera m'ndowa. Zimenezi si zachilendo kwa munthu wa kumudzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumudzi munthu amadziwa amene wagona khomo loyandikana nalo, pamene pano sakumudziwa.

Tsiku lofika sitima ndi limene zipinda zimatha msanga, pakuti anthu ambiri amatsika nthawi imodzi, ndipo nthawi zina sitima imafika usiku. Ndi bwino kufunsiratu kwa anthu a pachilumbapo mukali m'sitima. Iwo ndi amene amadziwa nyumba imene ili yaukhondo ndi imene ili pafupi ndi malo omwera mowa, kumene nyimbo sizitha mpaka mbandakucha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Gulu la mpingo lichite bwino kulankhula ndi atsogoleri a mpingo wa pachilumbapo lisananyamuke, kuti amve kumene anthu ambiri angagone pamodzi.

Zoyenera kuona usanapereke ndalama

Mlendo wanzeru amapempha kuona chipinda asanalipire. Choyamba ayang'ane neti yoteteza ku udzudzu: ilipo kodi, ndipo ilibe zibowo? Chachiwiri atukule matiresi ndi kuona m'mphepete mwake. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi. Chachitatu ayese chitseko ndi zenera ngati zikutsekeka bwino. Ambiri oyendayenda amanyamula loko wawo. Chachinayi akaone chimbudzi, ndi kufunsa kumene madzi akumwa amachokera.

Mtengo umvekeretu bwino: ndi wa chipinda kapena wa munthu aliyense? Nanga nthawi yotulukira m'chipinda ndi iti? Funso lachiwirili ndi lofunika kwambiri pa Likoma. Munthu atha kutuluka m'mawa poganiza kuti sitima ifika masana, koma iyo n'kufika pakati pa usiku. Ndi bwino kupangana ndi mwini nyumba kuti katundu asungidwe mpaka sitima itaoneka, ndiponso kuti chipinda chipezekenso ngati sitima yalephera. Amene akukhala masiku angapo apemphe kuchotserako mtengo. Akalipira apemphe lisiti. Mayina a alendo amalembedwa m'buku, ndipo wa kunja amaonetsa pasipoti, koma pasipotiyo ibwerere m'manja mwa mwini wake nthawi yomweyo. Isasiyidwe kwa munthu ngati chikole.

Kwa zaka zambiri magetsi a pa Likoma ankachokera ku majenereta a dizilo okha, ndipo ankazima usiku. Mu 2020 kampani ya EGENCO inawonjezera magetsi a dzuwa. Ngakhale zili choncho, tochi isatsale. Pali kanthu kena kamene kamasowetsa mtendere anthu ochokera ku Moçambique: masoketi a ku Malawi ndi a mabowo atatu a ngodya, pamene matchaja a ku Moçambique ndi a mano awiri obulungira. Adaputa igulidwiretu ku Ntcheu, ku Dedza kapena ku Lilongwe. Kumeneko ndi kumenenso munthu angagule simu ya Airtel kapena TNM, kuti azitha kulankhula ndi kwawo ndi kufunsa za sitima.

Kawerengedwe ka ndalama

Mtengo wa chipinda umene munthu anamva kwa mnzake amene anapita chaka chatha asaudalire. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ku Malawi yakhala ikusinthasintha. Meticais asinthidwe ku banki kapena ku malo ovomerezeka munthu asanafike ku nyanja, ndipo anyamule makwacha okwanira m'manja, ena akhale ang'onoang'ono. Pa chilumba si malo oyambira kufunafuna wosintha ndalama.

Oyenda kawirikawiri amagawa ndalama patatu. Gawo loyamba ndi la sitima ndi mabasi obwerera mpaka pakhomo. Limeneli limasungidwa palokha, pathupi, ndipo silikhudzidwa zivute zitani. Gawo lachiwiri ndi la chipinda ndi chakudya cha masiku amene munthu wakonza. Gawo lachitatu ndi la masiku owonjezera, osachepera atatu kapena anayi, ngati sitima yachedwa. Amene alibe gawo lachitatuli ulendo wake sunakwane. Iye ndi amene amayamba kugulitsa foni, jekete kapena nsapato pa mtengo wotaya kuti apeze pogona.

Chakudya nacho chiwerengedwe. Nthaka ya pa Likoma ndi ya miyala ndi mchenga. Pali milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango, ndipo anthu amalima chinangwa, koma chimanga ndi ndiwo zamasamba zambiri zimachokera ku mtunda. Ngakhale nkhuni zina zimawoloka kuchokera ku gombe la Moçambique. Choncho kabichi ndi tomato zimene ku Tsangano zimatayidwa pa msika, kumeneko ndi ndalama. Chotchipa ndi chimene anthu a komweko amadya: nsima ya chinangwa, imene amaitcha kondowole, ndi usipa kapena utaka. Wodya m'timalesitilanti ta pa msika amasunga ndalama kusiyana ndi wodya ku malo a alendo. Amene ali pa gulu angathe kupempha mbaula ndi mapoto kwa mwini nyumba n'kudziphikira okha.

Thupi la ku mapiri pa nyanja

Tsangano ndi dziko lozizira. Ku nyanja n'kotentha, ndipo udzudzu ndi wambiri. Kugona kunja kwa neti, ngakhale usiku umodzi, kungabweretse malungo amene amadzaonekera munthu atafika kale kwawo. Amene wayamba kutentha thupi ali pachilumbapo apite ku chipatala cha St Peter's, cha mpingo wa Anglican, chimene chili pafupi ndi tchalitchi. Amene wadwala atabwerako awauze a chipatala kuti anali ku nyanja.

Madzi a m'nyanja amaoneka oyera ngati galasi, koma asamwedwe osawiritsa kapena osathira mankhwala. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Ku Moçambique mliri womwewo unayambira m'boma la Lago, tsidya lina la Likoma, mu Seputembala 2022. Kusamba m'manja ndi sopo ndi kudya chakudya chotentha ndi chitetezo chotchipa kuposa china chilichonse. Posamba m'nyanja apewe malo a bango ndi madzi odikha, kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ndipo popeza ambiri a ku mapiri sadziwa kusambira, asachite manyazi kupempha jekete yoyandamitsa, kapena kukana kukwera bwato limene ladzaza mopitirira.

Nthawi yabwino yopita

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti pa nyanja pamawomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera. Mafunde amakula, mabwato ang'onoang'ono amakhala pa gombe, ndipo wosazolowera amasanza ulendo wonse. Tsiku la Petulo Woyera, 29 Juni, limagwera m'nyengo imeneyi. Amene akufuna kukapemphera nawo m'tchalitchi chachikulucho pa tsikulo awonjezere masiku ndi ndalama.

Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi imene nyanja imakhala yodekhako, ngakhale kumatentha. Mlendo angathe kuyenda wapansi pakati pa milambe, kuona asodzi akuyanika usipa pa thandala, ndiponso mwina kuona mtambo wa nkhungu, touluka ting'onoting'ono timene timakwera kuchokera m'madzi ngati utsi wa lupsa, ndipo anthu a ku nyanja amatigwira n'kupanga ndiwo. Lamulungu m'mawa angathe kulowa m'tchalitchi atavala modzilemekeza, ndi kumva kwaya ikuyimba m'nyumba imene yaima zaka zoposa 110. Zonsezi sizilira ndalama, kupatula chopereka chimene mtima wafuna.

Koma ulendo usakankhidwire ku mapeto a Okutobala kapena Novembala. Mvula yoyamba ikagwa ku Tsangano ndi ku Macanga, munda sudikira mwini wake. Mlimi amene watsekeredwa pa chilumba kwa sabata chifukwa sitima ili kokonzedwa amataya zoposa ndalama za chipinda, pakuti amabwerako anzake atabzala kale. Amene akufuna kukaona Likoma ayambe wagula mbewu ndi feteleza, agalauze munda, ndipo anyamuke ndi zimene zatsala, mitambo isanayambe kusonkhana pamwamba pa mapiri.